A Goma a Kumakhadi

Kalata yondiuza kuti a Goma amwalira inandipeza ku Lundazi patatha milungu itatu chiwaikire m'manda. Linali dzinja, ndipo nyengo imeneyo chilichonse chochokera kuchigwa chimafika mochedwa, kaya ndi kalata kaya ndi wodwala. Analemba ndi a Mwale, amene ndinagwira nawo ntchito zaka zinayi pa kachipatala kena ka kuchigwako, m'dera la Chama, kutali ndi msewu waukulu. Kalatayo inali yaifupi. Inkati mkuluyo anadwala masiku anayi okha, ndipo tsiku lachitatu anawagwira ali pakhomo, khasu lili paphewa, akuti akukaona chimanga. Nditawerenga pamenepo ndinaseka ndekha. Kenako ndinalephera kukhazikika. Ndinasesa m'nyumba mosesa kale, ndinatuluka, ndinalowanso, ndipo nkhani yawo sinandichoke m'mutu mpaka lero.

Dzina lawo lonse linali Yotamu Goma, koma chigwa chonse chinkangoti a Goma a kumakhadi. Anali wa mtundu wa Asenga a komweko, wamfupi, wa imvi mutu wonse, wokonda kabudula wa khaki ngakhale tsiku lobwera alendo ochokera ku boma. Sindikumbukira kuti ndinawaonapo atakhala pansi nthawi yokwana kumwa kapu ya tiyi. Tiyiyo ankamwa ali chiimire. Akamakupatsa moni, mapazi amakhala atayamba kale ulendo, moti yankho lako umalimalizira kumsana kwawo. M'chipinda chawo chogwirira ntchito munali mpando umodzi, koma pampandopo pankakhala chipewa.

Ntchito yawo inali yosunga makhadi a odwala. Munthu akabwera koyamba ankapatsidwa nambala. Nambalayo inkalembedwa pa kakhadi kakang'ono kopita nako kunyumba, ndiponso pa khadi lalikulu lotsala kuchipatala, pomwe tinkalembapo matenda ndi mankhwala onse amene munthuyo walandira. Pamene ine ndinkafika, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makhadi aakuluwo anali atapitirira zikwi zisanu ndi chimodzi. Ankaima mothithikana m'mabokosi aatali a matabwa, ondanda pashelefu kuyambira pakhomo mpaka kuwindo, nambala yaing'ono kumanzere, yaikulu kumanja.

Ndinawadziwa bwino sabata yanga yoyamba. Ndinali namwino watsopano, wofuna kuoneka wakhama. Mayi wina anabwera ndi kakhadi kake, a Goma atatuluka pang'ono, ine ndikulowa m'chipindamo kuti ndidzipezere ndekha khadi lake. Ndinayambira pa bokosi lina lomwe ndinangoliganizira, n'kumatsegula khadi limodzilimodzi. Ndili mkati, ndinamva munthu akupuma kumbuyo kwanga.

"A Nyaphiri," anatero, potchula dzina la kwathu m'kachitidwe ka kumeneko, "mukufuna kugona muno?"

"Ndikufuna 4806, adada."

"Chotsani manja. Manje penyani."

Anapita pakati penipeni pa mzere wonsewo, nasolola khadi limodzi pang'ono chabe, loti nambala ioneke. Inali 3050.

"Yanu ija ndi yaikulu kapena yaing'ono kuposa iyi?"

"Yaikulu."

"Ndiye zonse za kumanzereku ziiwaleni. Kulibe."

Anasuntha msangamsanga, naima pakati pa theka lotsalalo, nasololanso. Yanga inali yaikulube, ndipo anatayanso za kumanzere. Kachitatu anasolola khadi la nambala yopitirira yanga, ndiye anataya za kumanja. Malo ofunamo ankachepa ndikuona: poyamba khoma lonse, kenako mabokosi awiri, kenako bokosi limodzi, kenako kadanga kokwana chikhatho, mpaka zala zawo zinatsina khadi limodzi n'kundipatsa. Anasolola kakhumi ndi kawiri. Anandiuza kuti m'chipinda chimenecho sanapitirirepo kakhumi ndi katatu, ndipo ngakhale makhadi atachuluka kuwirikiza, iwo angangowonjezera kusolola kamodzi kokha. Ndinaganiza kuti akudzitama. Patapita nthawi ndinawerengera papepala, ndipo ndinapeza kuti ankanena zoona.

Nzeru imeneyi anaitenga ku migodi, kumene anapita ali mnyamata. Sanalowepo pansi. Anali kalaliki mu ofesi yosunga makhadi a antchito, pansi pa mkulu wina wa ku Nyasalande amene ankawamenya zala ndi lula akayamba kufufuza kuchokera kumayambiriro. A Goma ankamutukwanabe mkuluyo patatha zaka makumi anayi, koma ankamutukwana mokhala ngati amusowa. Kawirikawiri ankanena kuti wofuna chinthu asatanganidwe ndi kumene chili, koma ayambe wachotsa kumene sichingakhale. Ankanenanso, ndipo apa nkhope inkauma, kuti njira yawoyo imayenda pokhapokha khadi lililonse lili pamalo pake, chifukwa khadi loikidwa polakwika silisiyana ndi khadi lotenthedwa.

Sanaisiye kuntchito nzeruyo. Kutchalitchi, mlaliki akatchula nyimbo, a Goma ankatsegula buku pakati, kenako pakati pa theka, ndipo ankayamba kuimba ena akadanyowetsa chala. Pakhonde la chipatala, odwala akachuluka n'kuyamba kudandaula za kuchedwa, ankatulutsa mutu pawindo n'kuuza mmodzi kuti aganize nambala iliyonse yosapitirira chikwi chimodzi. Ankangofunsa kuti yaikulu kapena yaing'ono, ndipo pofika funso lakhumi ankaitchula. Amayi ena achikulire anayamba kunong'onezana kuti mkuluyu anabwera ndi zinthu kuchokera ku migodi. Nkhani inakula mpaka mkulu wa mpingo anabwera kudzawafunsa mwaulemu. A Goma anakwiya masiku awiri, koma tonse tinkaona kuti mumtima akukondwa. Pomaliza anamuphunzitsa mkulu wa mpingoyo, amene anakazunza nayo ana ake kunyumba.

Kunyumba kwawo ndiye kunali nkhondo. Akazi awo, a Nyamvula, ankandiuza kuti bambo amene amapeza khadi la mlendo pakati pa zikwi amalephera kupeza nsapato zawo m'nyumba ya zipinda ziwiri. A Goma ankayankha kuti vuto si iwo, vuto ndi nyumba yosalongosoka. Tsiku lina anaganiza zoikonza. A Nyamvula pobwera kumunda anapeza zikho zawo za mbewu zitandandalikidwa kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu, nyemba zasakanizika malo ndi mapira, ndipo anawathamangitsa ndi chipande mpaka kumsewu. Kuyambira pamenepo anagawana: iwo chipatala, mayi nyumba.

Koma mkangano wawo waukulu unali ndi a Mwale. A Mwale anali mkulu wa kachipatala kathu, munthu wa ku Kabwe, wamtali ndi wofatsa polankhula, amene anthu ankawatcha adokotala. Iwo ankafuna kuti pa bokosi lililonse pamatidwe pepala losonyeza manambala a m'katimo. A Goma anakana. Anati makhadi amasuntha akamachuluka, pepala limatsala likunena zakale, ndipo iwo sangakhulupirire pepala pomwe khadi lenilenilo lili pomwepo. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti a Mwale ankalowa okha kukatenga makhadi, n'kuwabwezera paliponse. Tsiku lina a Goma anagula loko, namanga kiyi pa chingwe, nachikoleka m'khosi. Kwa milungu iwiri akuluakulu awiriwo sanalankhulane. Ankatumizirana mawu kudzera mwa ine, ali pamtunda woti akhoza kumvana bwinobwino.

"A Nyaphiri, auzeni adokotala kuti ine sindigwira jakisoni wawo."

"Sisita, auzeni a Goma kuti chipatala si chawo."

Loko inatsala. Kuyambira tsiku limenelo palibe munthu wina amene anabwezerapo khadi m'bokosi koma a Goma okha, ndipo anali onyada nazo.

Tsiku limene sindidzaliiwala linafika m'mwezi wa Febuluwale, mitsinje itadzaza, galimoto zosatha kufika kwathu kapena kuchoka. Dzuwa litangopendeka, amuna anayi anafika atanyamula mayi pa machira, matope mpaka m'mawondo. Mayiyo anali a Nyalungu, wa zaka ngati makumi atatu. Thupi linali moto, akupuma mobanika, akubwebweta zosamveka. A Mwale anamvetsera pachifuwa n'kunena kuti ndi chibayo, ndipo mwina malungo alimonso. Anandiuza kuti ndiwiritse masirinji, tibaye penisilini ndi kwinini.

Mwamuna wa mayiyo, a Zimba, anagwira a Mwale pamkono.

"Adokotala, chonde. Chaka china anabayidwa jakisoni pompano. Anatupa nkhope, anakomoka, tinayesa wapita. Adokotala akale anati asadzabayidwenso ameneyo."

"Jakisoni wanji?"

"Wa m'kabotolo."

"Onse ndi a m'kabotolo, bambo. Dzina lake?"

A Zimba anayang'ana anzawo. Palibe amene ankadziwa. Zinachitika ine ndi a Mwale tisanabwere, ndipo wodwalayo sakanatha kuyankha. Jakisoni onse awiri ankafunika, koma mmodzi mwa iwo akanatha kumupha pomwepo. A Zimba anatulutsa kakhadi kokulungidwa m'pepala la shuga, kouma bwino. Nambala inali 3172. Ndinathamanga nako kuwindo la makhadi.

A Goma anangoyang'ana kamodzi n'kutembenuka. Ndinaona zala zawo zikudumpha monga mwa masiku onse, pakati, pakati pa theka, pakati penanso. Kenako zinaima. Anasolola makhadi awiri oyandikana, 3171 ndi 3173. Pakati pake panalibe kanthu.

"Palibe," anatero, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono.

A Mwale anali atafika kale pakhomo. "Palibe bwanji? Munthu ali ndi nambala!"

"Likanakhala muno, likanakhala apa."

"Ndiye tsitsani mabokosi onse. Sisita, itanani aja anyamula machira, aliyense atenge bokosi, tifufuze limodzilimodzi."

"Musagwire!" A Goma anatambasula manja kutchinga shelefu. "Anthu osadziwa kuwerenga adzafufuza chiyani? Mukasokoneza muno, mawa mudzapha ena khumi."

A Mwale anabwerera m'mbuyo. Kenako anati, "Masirinji ali pamoto. Akawira ndibaya, chifukwa ndikadikira mayiyu afa ndi chibayo ndikuona. Nthawi yanu ndi imeneyo, adada."

Atachoka, a Goma anaima chilili pakati pa chipinda, manja ali pansi, osagwedezeka. Ndinachita mantha, chifukwa ndinali ndisanawaonepo ataima chotero. Kunja a Zimba ankayendayenda pakhonde, ndipo kuchipinda china ndinkamva pulayimasi yowiritsira masirinji ikulira.

"A Nyaphiri, ndiwerengereni nambalayo mokweza."

Ndinawerenga. Anatenga kakhadiko, nakatalikitsa ndi maso, nakayandikitsanso, natsinzina diso limodzi.

"Mayiyu anabwera chaka chatha ndi bala la khasu. Ndinatulutsa khadi lake ndine, ndinabwezera ndine. Manje tiganize ngati munthu wolakwitsa. Wolakwitsa sataya kutali, amaika pamene akuganiza kuti ndi pomwepo."

Anayamba ndi 3127, poganiza kuti anatembenuza manambala awiri omaliza. Zala zinathamanga, zinafika, ndipo panali khadi la mwini wake lokha. Anayesa 3712. Anadumphira kumanja, pakati, pakati, ndipo sanapeze kanthu. Thukuta linkagwera pa makhadi, iwo n'kumalipukuta ndi chigongono. Ndinamva chivindikiro cha poto chikuyamba kugwedezeka.

"Seveni," anadzilankhulira. "Seveni ndi wani. Zimasiyana kamchira kokha."

Anabwerera kumanzere, nafuna 3112. Atafika anasolola, ndipo m'malo mwa khadi limodzi panatuluka awiri omatana. Lakumbuyolo linali 3172. Pamwamba pake panali mawu a inki yofiira, olembedwa ndi dzanja lomwe sindinkalidziwa, onena kuti mayiyu asadzapatsidwenso penisilini chifukwa anatsala pang'ono kufa naye.

Sanandipatse. Anathamanga nalo okha, mkulu wa imvi, kudutsa pakhonde, ndipo anapeza a Mwale atanyamula kale kabotolo ka penisilini, akuganizabe. A Mwale anawerenga, nabwezera kabotoloko pathireyi pang'onopang'ono. Anabaya kwinini, natsegula kabati kutenga mankhwala ena a chibayo amene tinkasunga ochepa. Patatha masiku asanu ndi atatu a Nyalungu anabwerera kwawo akuyenda okha.

Madzulo a tsiku limene khadi linapezekalo, dzuwa lisanalowe, a Mwale anapita kuwindo la makhadi. Ndinatsatira, poopa kuti nkhondo iyambiranso. Koma a Goma ndiwo anayamba kulankhula.

"Kiyi ili m'khosi mwanga. Palibe wina woti ndimuloze."

"Mwalipeza, adada. Mayiyo ali moyo."

"Ndinalitaya ndine. Maso anga anayamba kalekale kuchita nkhungu, ine n'kumabisa."

A Mwale sanadzaitchulenso nkhaniyo pamaso pa anthu. Ine ndinkayesa kuti zathera pomwepo. Koma m'mawa mwake a Goma anandidikirira pakhomo, navula chingwe cha kiyi, nandipatsa kuti nditsegule ndine. Anandipempha kuti masana alionse, odwala akatha, ndiziwawerengera manambala mokweza, bokosi ndi bokosi, khadi limodzilimodzi, njira yomwe ankainyoza moyo wawo wonse. Ine ndinkawerenga, iwo akuyendayenda kumbuyo kwanga, akumvetsera pomwe nambala idumphe. Tinatha milungu isanu ndi umodzi. Tinapeza makhadi khumi ndi anayi osochera, pafupifupi onse chifukwa cha seveni ndi wani, kapena eyiti ndi firii.

Kuwabwezera m'malo mwake sikunawakwanire. Ankafuna kudziwa za munthu aliyense mwa khumi ndi anayiwo, ngati anabwerapo khadi lake litasowa, ndipo ngati anapatsidwa mankhwala olakwika. Ambiri tinawapeza ali bwino. Koma khadi lina linali la bambo wina wa mbali ya ku Kambombo, wodwala chifuwa, amene tinamva kuti anamwalira chaka chapitacho. Ndinawauza kuti asiye, munthu wapita kale. Sanandimvere. Loweruka anakwera njinga m'matope, ulendo wa tsiku lathunthu, kukafunsa mkazi wamasiye kuti amuna ake anafa bwanji. Mayiyo anati anafera kunyumba, akutsokomola, ndipo sankakumbukira ngati anabweranso kuchipatala kapena ayi. A Goma anabwerako Lamulungu madzulo, miyendo itatupa, opanda yankho. Nkhani ya bambo ameneyo ankaibwereza mpaka tsiku limene ndinachoka. Ankati akamafuna khadi amadziwa kuti lilipo kapena palibe, koma apa sadzadziwa.

Mitsinje itaphwa anapita ku boma, nabwerako ndi magalasi okhuthala omwe ankawakulitsa maso ngati a kadzidzi. Ankadana nawo, ankawaiwala paliponse, ndipo a Nyamvula anawamangira chingwe chachiwiri. Analola kuti mapepala a a Mwale amatidwe pa mabokosi, ngakhale iwo sanawayang'anepo. Anagwirabe ntchito chaka china ndi theka, koma khadi lililonse asanalibwezere ankaima pawindo n'kufunsa aliyense wodziwa kuwerenga amene ali pafupi kuti awatchulire nambala. Ena ankaseka poona katswiri akufunsa. Iwo sankasamala.

Tsiku limene ndinkasamukira ku Lundazi anali atapuma kale pantchito, koma anabwera. Sanandipatse malangizo alionse. Anandithandiza kukweza katundu palole, nakangana ndi dalaivala za kamangidwe ka zingwe, namasula zonse, namanganso. Lole itanyamuka anayenda pambali pake mpaka pamtengo wa bwemba wa pamphambano, akulankhulabe zomwe sindinkamva chifukwa cha injini.

Ndinabwererako chilimwe chotsatira imfa yawo, nditapeza malo pa galimoto yopereka katemera. Ndinakapepesa kwa a Nyamvula, ndinaona manda, kenako ndinapempha dalaivala kuti aime pang'ono pachipatala. A Mwale anali atapita kumsonkhano ku boma. Namwino amene ndinamupeza sankandidziwa, koma anandilola kuzungulira.

Masiku ano odwala amabwera ndi makope a kusukulu, amalembedwa mmenemo n'kubwerera nawo kwawo, ndiye makhadi alibenso ntchito. Chitseko cha chipindacho chinali chongotsekedwa ndi waya. Ndinamasula n'kusuzumira. Makhadi anawathira m'matumba a feteleza, anayi kapena asanu, ounjikidwa pakona, limodzi litang'ambika pansi, mbewa zitakokera mapepala kunja. Pashelefu panali mabotolo opanda kanthu ndi sikelo ya ana yothyoka. Mabokosi a matabwa anatsala awiri okha, ndipo m'limodzi munali nkhuku itakhalira mazira, yomwe inandiyang'ana osasuntha. Mavu anamanga zisa zitatu pamwamba pa windo, ndipo windolo analikhomera thabwa lopingasa kuti mbuzi zisalowe.

Ndinatseka, ndinamanganso waya. Kenako ndinazungulira kukhonde, ndinaima panja pa windo lija, kumene odwala ankaima. Munali zii. Ndinaimabe pomwepo mpaka dalaivala analiza hutala kachiwiri.